Parishi ikatsekedwa, mbiri yake imapezeka kuti?

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Ndikufufuza mbiri ya tchalitchi chomwe agogo anga ankapempherako. Parishiyo inatsekedwa akhristu atachepa, nyumbayo inagwa, pano pangotsala maziko ndi manda omwe mayina ake akufufutika.

Ndikudziwa kuti Msonkhano wa ku Trent, msonkhano waukulu wa maepiskopi a Mpingo wa Katolika, mu 1563 unalamula ansembe a Katolika kulemba maubatizo ndi maukwati m'mabuku, ndiye mabukuwo ayenera kuti alipo penapake. Kodi parishi ikatsekedwa amapita kuti, ku parishi imene inalandira akhristuwo kapena ku likulu la dayosizi? Nanga munthu wamba amaloledwa kuwaona, kapena mpaka atatenga kalata kwa bambo mfumu?

Komatu madeti okha sangandikwanire. Ndikufunitsitsa kudziwa za anthuwo: anaumba njerwa ndani, katekisiti woyamba anali yani, kwaya inkaimba nyimbo ziti, belu linapita kuti. Okalamba amene akukumbukirabe atsala ochepa, ndipo pa zaka amatsutsana kwambiri. Inu amene munachitapo kafukufuku wotere, munkatani kuti zokamba zawo zigwirizane ndi zolembedwa?