Wolframite yagonja, scheelite yakana: vuto ndi ng'anjo kapena mwala?

Wophunzira_labu:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikuyesa kutulutsa tungsten m'miyala yake iwiri. Ndinasakaniza ufa wa wolframite ndi makala m'kambale kena, wa scheelite ndi makala m'kena, n'kuika zonse m'ng'anjo yodutsamo mpweya wa argon, madigiri 1000, maola awiri. Ka wolframite kanapepuka ndithu, kusonyeza kuti makala alanda oxygen n'kutuluka naye ngati mpweya. Ka scheelite kulemera kunangotsika pang'ono, ndipo nditaunika ndi nyali ya UV ufawo ukuwalabe buluu ngati sunaone moto. Zonsezi si za tungsten yemweyo? Zikusiyana pati?

Mkulu_wa_ng'anjo:
Ng'anjo ilibe mlandu, achimwene. Yang'anani amene wakhala ndi tungsten m'mwalamo. Wolframite ndi (Fe,Mn)WO4, muli chitsulo (Fe) ndi manganese (Mn); scheelite ndi CaWO4, muli calcium (Ca). Chitsulo sichivuta kuchilanda oxygen wake. Chimasanduka msanga n'kugwirana ndi tungsten ndi kaboni, mumapeza zinthu ngati Fe3W3C. Calcium ndiye wouma mutu. Pa moto umenewo makala sangamulande oxygen, ndiye tungsten wina amamasuka, wina n'kutsekeredwa mu Ca3WO6, imene imafuna moto woposa pamenepo. Kwezani mufike 1200, muonjezere nthawi. Pamapeto mudzatsala ndi CaO (calcium wogwirana ndi oxygen) woti mutsuke ndi asidi.

Nachisale:
Komanso wolframite wanuyo ndi uti? Dzinalo ndi la banja. Wochuluka chitsulo ndi ferberite, wochuluka manganese ndi hübnerite. Ine ndinataya sabata yathunthu ndikuganiza kuti sikelo yanga yafa, chifukwa kulemera kotayika sikunkafika pamene ndinawerengera. Kumeneko n'kuti wanga anali wa manganese wambiri. MnO (manganese wogwirana ndi oxygen) amakakamira oxygen wake, amangotsala pambali. Pa maikulosikopu ndinkaona timadontho tobiriwira pakati pa zotuwazo. Yezani Fe ndi Mn musanawerengere makala.

Mkulu_wa_ng'anjo:
Zoona mayi. N'chifukwa chake ofuna tungsten woyera sawotcha mwala mwachindunji. Wolframite amamusungunula ndi sodium hydroxide, scheelite nthawi zambiri ndi soda (sodium carbonate) m'thanki ya mpweya wopanikizika, kenako amapanga APT (mchere wa tungsten wotchedwa ammonium paratungstate), kenako oxide wa tungsten, n'kumaliza ndi hydrogen wochotsera oxygen. Ngakhale abale awiri a Elhuyar, oyamba kupatula tungsten mu 1783, anayamba achotsa oxide mu wolframite, kenako ndiye makala.

Wophunzira_labu:
Zikomo kwambiri nonse. Ndafunsa amene anandipatsa mwalawo, akuti ndi ferberite, ndiye zamveka. Scheelite ndimubwezera m'ng'anjo Lachinayi pa 1200, ngati kambale kanga kangapirire.