Pansi paonongeka matailosi asanaikidwe, ndiswe zonse?

Atate_Dalitso_Kapata:
Abale thandizeni maganizo. Loweruka tinathira self-levelling compound (ufa wonga simenti wosalazira pansi) mu sitting room chifukwa simenti ya pansi inali yokwera-tsika, matumba 7 ndipo ndalama zake mutu ukuwawa mpaka lero. Ndiye dzulo m'mawa ine kulibe, anyamata obweretsa matailosi kuchokera ku Down Shops analowa nayo wilibala mpaka mkati, tayala lasiya mzere kuchokera pakhomo, komanso bokosi limodzi linagwa chakukona nkuboola dzenje ngati chikhatho changa, mozungulira muli timing'alu. Woika matailosi abwera Lachinayi, matailosi ake ni aja a 60x60. Manje nichite bwanji, ndiswe ponse nithirenso kapena pali njira? Mtima wanga suli m'malo zoona.

Mmisiri_wa_Mchini:
Pepani atate, koma musaswe chilichonse kaye. Tengani chogwirira cha screwdriver muzigogoda pansi pang'onopang'ono kuyambira pa dzenjepo kupita kunja. Pomwe pagwira bwino pamalira molimba, pomwe pasiyana ndi simenti ya pansi pamalira ngati ng'oma. Palipose polira ngati ng'oma zungulizani ndi choko, pamenepo pokha ndiye pochotsa. Dulani ndi grinder kuti m'mphepete muime chilili osati mopendekera, chifukwa chigamba chopyapyala m'mphepete chimasweka. Sesani fumbi lonse, lonse ndithu, mupukute ndi kansalu konyowa pang'ono, pakauma pakani primer ija munapaka poyamba (yothandiza kuti compound igwire), iume monga alembera pa chigubu, kenako sakanizani compound pang'ono mu ndowa muthire, mukokere ndi thabwa lowongoka kuti zifanane ndi mbali zonse. Madzi muyeze monga alembera pa thumba, ambiri amaonjeza kuti iyende bwino ndiye pamwamba pamadzakhala fumbi lokhalokha, adhesive yomatira matailosi osagwira. Mzere wa wilibalawo ngati sunapitirire 2 kapena 3mm usakudetseni nkhawa, palani timilomo tomwe tatukuka m'mbali basi.

Chikondi_Moth:
Amdala zonsezo nzotaya nthawi, woika matailosi angoikapo adhesive yambiri pa dzenjepo nkupitiriza, ndimaona amatero pa ma site.

Amake_Tamara:
Ayi achimwene musawanamize. Ife ku Katete anatichita zomwezo ku khitchini, adhesive mulu pamalo amodzi, itauma inafota tailosi nkutsika kona imodzi, mwana akathamanga chala chimakhumudwa pamenepo, patapita miyezi ingapo linasweka pomwe panali firiji. Ndiye kupeza tailosi lofanana mtundu pambuyo pake ndi nkhani ina, tinazungulira mashopu onse osalipeza mpaka tinaika losiyana, ndikaliona mtima umandiwawa. Atate a Dalitso sungani bokosi limodzi pambali mukamaliza.

Mmisiri_wa_Mchini:
Amayi anena zoona. Adhesive wamba sanapangidwe kuti adzaze maenje akuya, ndipo 60x60 sakhululuka, tailosi lalikulu likapeza pokwera limagwedera. Mukamaliza chigamba gonekani thabwa la 2m kapena aluminium yowongoka mbali zosiyanasiyana, mpata wa pansi pake usapose 3mm. Pokwera mupale ndi mwala wonolera. China, kutentha kwa Okutobala kuno kwathu mukukudziwa, thirani m'mawa kwambiri, mawindo mutseke kuti dzuwa ndi mphepo zisaumitse pamwamba msanga mkati musanalimbe, apo ayi muona ming'alu ina. Chigambacho chipatseni tsiku lathunthu kapena kuposa, onani pa thumba, kuyendapo kumatheka msanga koma kuikapo matailosi ndi nkhani ina.

Atate_Dalitso_Kapata:
Zikomo kwambiri amisiri ndi amake Tamara. Ndagogoda madzulo ano, polira ngati ng'oma ni pafupi ndi dzenje chabe, mwina kukula ngati mbale ya nsima, kwina konse nkolimba. Mzere wa wilibala ndayeza sukufika 2mm. Primer inatsala theka la chigubu, compound ndigula thumba limodzi mawa. Woika matailosi ndamuimbira kuti abwere Loweruka m'malo mwa Lachinayi, wavomera. Kiyi wa chitseko chakutsogolo uli m'thumba mwanga tsopano. Funso lina amisiri, timing'alu tating'ono ngati tsitsi tomwe sitikulira ng'oma nato nidule kapena nitisiye?