Kodi makontrakitala ang'onoang'ono tiziwalipira motani kuti ntchito isaime panjira?

A Mbewe, Lilongwe

Ndikupempha uphungu kwa inu amene mwakhalitsa pa ntchito ya zomangamanga. Kampani yathu yakhala ikumanga nyumba zogona ndi mipanda, koma chaka chino tapatsidwa koyamba ntchito yomanga nyumba ya malonda yosanja, ya mashopu asanu ndi atatu pansi ndi maofesi pamwamba. Makoma ndi konkiriti tikugwira tokha, pamene za magetsi, za mapaipi a madzi, zowotcherera zitsulo za denga ndi zoika matailosi tinapereka kwa makontrakitala ang'onoang'ono anayi. Wa magetsi tinamupatsa theka la ndalama zake asanayambe, chifukwa anati akufuna kugula katundu mitengo isanakwere, ndipo tsopano patha masabata atatu osaonekera pa saiti, foni amayankha akafuna. Wa mapaipi anafika titathira kale silabu ya pamwamba, ndipo akufuna kuiboola malo asanu. Mwini nyumba sakufuna kumva za anthu amenewa, akungonena kuti anapangana ndi ife. Kodi tichite chiyani panopa, nanga awiri otsalawo, amene sanayambe, tipangane nawo motani?

Mayi Nachisale, QS (katswiri wowerengera katundu ndi mitengo ya zomangamanga), Blantyre

A Mbewe, mwini nyumbayo akunena zoona, ndipo ndi bwino kuyambira pamenepo. Pangano lake ndi la inu, choncho kuchedwa kwa wa magetsi ndi kuchedwa kwanu, ndipo ngati m'panganomo muli chindapusa cha tsiku lililonse lopyola nthawi, chidzachotsedwa pa ndalama zanu. N'chifukwa chake pangano limene mumapanga ndi kontrakitala wamng'ono liyenera kutengera mfundo za pangano lalikulu: tsiku lomalizira, mtundu wa katundu, chindapusa cha kuchedwa, ndi nthawi yokonza zolakwika nyumba itaperekedwa, imene kawirikawiri imakhala miyezi 6 kapena 12.

Pa za malipiro, musalipire munthu potsata kalendala kapena potsata kudandaula kwake, koma potsata ntchito imene mwaiyeza. Gawani ntchito ya wa magetsi m'magawo atatu: kuika mapaipi a mawaya ndi timabokosi m'makoma pulasitala asanayambe, kukoka mawaya, kenako kuika masoketi, maswitchi ndi bolodi yogawira magetsi mpaka kuyesa. Gawo likatha, fomani wanu ndi iyeyo ayende limodzi chipinda ndi chipinda, awerenge zimene zaikidwa poyerekeza ndi BOQ (mndandanda wa ntchito ndi katundu, kuchuluka kwake ndi mitengo yake), onse awiri asainire, ndipo ndalama ituluke pa pepala limenelo. Pa malipiro aliwonse musunge retention (gawo la ndalama limene mumayamba mwaligwira ngati chikole), ambiri amasunga 10 peresenti kapena 5 peresenti, theka lake mudzapereke ntchito ikatha ndipo lotsalalo nthawi yokonza zolakwika ikadutsa. Musaiwalenso msonkho wa withholding umene mumayenera kudula pa malipiro ake ndi kukapereka ku MRA, pokhapokha ngati munthuyo ali ndi satifiketi yomuchotsera msonkhowo. Mumuuze zimenezi musanagwirizane mtengo, chifukwa akadzazionera pa tsiku la malipiro adzati mwamubera.

Kwa amene wasowayo, mulembereni kalata lero, osati uthenga wa mawu wa pa WhatsApp. M'kalatamo mutchule ndalama imene analandira ndi tsiku lake, mumupatse masiku asanu ndi awiri kuti abwere pa saiti pamodzi ndi katundu ndi malisiti ake, ndipo munene kuti akalephera mudzaika wina ndi kumulipiritsa wosowayo kusiyana kwa mtengo. Ndikudziwa kuti ambiri timachita manyazi kulemba kalata yotere kwa munthu amene timapemphera naye kapena amene anatipezera ndi mlamu wathu, koma popanda kalatayo mudzavutika kwambiri nkhaniyi ikadzafika kwa oweruza.

A Gondwe, fomani, Mzuzu

Za ndalama Mayi Nachisale anena kale, ine ndinenepo za silabuyo, chifukwa mpamene pali ngozi. Musalole kuti wa mapaipi atenge chizulo ndi hamala n'kuyamba kugogoda pamene iye wafuna. Itanani injiniya amene anajambula zitsulo za nyumbayo, aone malo asanuwo pa mapulani, asonyeze ndi choko pamene pangabooledwe popanda kudula chitsulo kapena kuyandikira bimu (mtanda wa konkiriti wonyamula silabu), ndipo kuboolako kuchitike ndi makina oboolera konkiriti. Zimenezi azilembe ndi kusainira. Konkiriti imafika pa mphamvu yake yoyezera pakatha masiku 28, kotero ngati silabu yanu sinakwanitse masiku amenewo, musachotse mitengo yochirikiza pansi pake chifukwa chofuna kumupatsa malo wa mapaipi.

Koma ndikufuna kunena mosabisa kuti kulakwa kumeneku si kwa wa mapaipi yekha. Ndani anamuuza tsiku lothira konkiriti? Ine ndinaphunzira zimenezi pa nyumba ina imene tinathira silabu Loweruka, dzuwa likulowa, anyamata atatopa ndi mawilibala, ndipo Lolemba m'mawa wa mapaipi anafika ndi tepi yake, anaima pakati pa chipinda chimene chinayenera kukhala chimbudzi, n'kuyang'ana pansi posalala bwino popanda ndi bowo limodzi lomwe. Sanalankhule kanthu, anangovula chipewa n'kukanda mutu. Kuyambira pamenepo sindithira konkiriti popanda pepala limodzi limene wa magetsi, wa mapaipi ndi injiniya asainira kuti aona zitsulo, aika timapaipi tawo todutsira, ndipo palibe chotsala. Wina akapanda kubwera, konkiriti imadikira, ngakhale simenti ndi kwale zili pomwepo.

Chinanso ndi msonkhano wa Lolemba lililonse m'mawa, wa mphindi makumi atatu, titaimirira pafupi ndi sitolo ya katundu. Aliyense amanena chimene agwire sabata imeneyo ndi chimene chikumutsekereza, ndipo ine ndimalemba m'buku la pa saiti, momwenso ndimalembamo chiwerengero cha anthu amene abwera, katundu amene walowa, ndi maola amene mvula yatiimitsa. Bukuli ndi limene lidzakuthandizeni popempha masiku owonjezera kwa mwini nyumba. Popeza mvula imayamba cha mu November, wowotcherera denga ndiye woyenera kumufulumizitsa panopa, pamene wa matailosi asalowe mpaka madzi atayesedwa m'mapaipi ndipo palibe podontha.

A Chirwa, kontrakitala wa magetsi, Lilongwe

Ndilankhuleko kuchokera mbali yathu, popeza ife ndi amene tikukambidwa. Sindikuikira kumbuyo mnzanga amene wasowayo, pakuti kuthawa ndi ndalama ya munthu n'kulakwa. Komabe mfundo yakuti tisamalandire kanthu ntchito isanayezedwe imamveka bwino pa pepala kusiyana ndi mmene zinthu zilili. Mawaya, mabolodi ndi mabuleka ambiri amachokera kunja, ndipo mitengo yake imatsata dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ambiri a ife tinamaliza ntchito ndi ndalama za m'thumba mwathu, chifukwa tinali titagwirizana mtengo kale ndipo palibe anafuna kuukambanso. Kampani yaing'ono ilibe ndalama yogulira katundu wa nyumba yonse n'kudikira miyezi iwiri.

Ndipo chimene chimatibalalitsa kwambiri ndi mawu akuti tidzakulipirani mwini nyumba akatilipira. Anyamata anga amafuna ndalama yawo pakutha pa sabata kapena pa mwezi, ndipo ndikapanda kuwapatsa amapita kukagwira ganyu kwina. Pamenepo inenso ndimakakamizika kutenga ntchito ina kuti ndipeze chowalipira, ndiye inu mumaona ngati ndathawa. Ngati mukufuna kuti tikhazikike, lembani m'pangano kuti ntchito ikayezedwa ndalama idzatuluka pasanathe masiku 14, ndipo musunge mawu amenewo.

Njira imene ndaona kuti imakomera mbali zonse ndi yakuti inu mulipire katundu mwachindunji ku sitolo, potsata mndandanda umene ine ndalemba, katunduyo afikire m'sitolo yanu ya pa saiti ndipo azituluka posainira. Ine ndilandire za ntchito ya manja zokha, gawo ndi gawo. Mukatero palibe adivansi yoti munthu athawe nayo. Musanalembe wina, muonenso chiphaso chake cha MERA (bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta), chifukwa ntchito ya munthu wopanda chiphaso idzakuvutitsani pa nthawi yopempha ESCOM kuti ilumikize magetsi, ndipo mufunse ngati kampani yake inalembetsa ku bungwe loyang'anira zomangamanga.

A Mbewe, Lilongwe

Zikomo nonse. A Gondwe, mwandigwira pamtima, pakuti tsiku lothira silabu tinalisintha ife ndipo wa mapaipi sitinamuuze. Injiniya abwera Lachinayi. Kalata ya wa magetsi ndalemba ndipo ndaipereka pamanja kwa mkulu wake amene amasunga shopu yawo, wasainira kuti walandira. Funso langa lotsala ndi la mitengo: ngati ndigula ndekha katundu monga akunenera a Chirwa, kukwera kwa mitengo kudzagwera ine, pamene pangano langa ndi mwini nyumba ndi la mtengo wosasintha.

Mayi Nachisale, QS, Blantyre

Kudzagwera inu ndithu, ndipo pa pangano limene munasaina kale palibe zambiri zimene mungasinthe popanda chilolezo cha mwini nyumba. Chimene mungachite ndi kumupempha kuti azilipira katundu amene wafika pa saiti ngakhale asanaikidwe, zimene mapangano ambiri a zomangamanga amalola malinga katunduyo asungidwe bwino, akhale ndi inshuwalansi, ndipo alembedwe kuti ndi wa nyumbayo. Mukatero mungathe kugula mawaya, malata ndi matailosi onse mwezi uno. Simenti yokha musaunjike yambiri, chifukwa ikakhalitsa m'nyengo ya chinyezi imaundana. Werenganinso panganolo pa gawo la zosintha: chilichonse chimene mwini nyumba wawonjezera poyendera saiti, kaya ndi soketi ziwiri kapena khomo lina, musachigwire asanachilembe ndi kuvomereza mtengo wake, ndipo lamulo lomwelo mulipereke kwa makontrakitala anu anayiwo, kuti wina asadzabwere ndi invoisi ya ntchito imene anauzidwa pakamwa inu kulibe.