Land Rover yagona pansi pa mtengo wa mango ku Thyolo, ndikayang'ane chiyani?

Makaniko wa ku Limbe:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi kasitomala ku Johannesburg, waona pa Facebook Land Rover yakale ikugulitsidwa ku Thyolo ndipo mtima wagwera pomwepo. Akuti ndikaione Loweruka, ikakhala bwino atumize ndalama, ndiikokere kugalaja kwanga tiziidzutsa pang'onopang'ono. Ndi yaitali ija, 109, ya petulo. Ogulitsa akuti ndi ya m'ma 1960 ndipo inaima ikuyenda, anangoiimika bambo awo atamwalira. Pa zithunzi bodi ndi yosalala, dzimbiri palibe, matayala okha ndiwo aphwa. Ine tsiku ndi tsiku ndimalimbana ndi ma Sienta ndi ma Probox, Land Rover ndimangoionera patali. Ndakonza batire, mapulagi, petulo wa m'chigubu ndi geji ya kompuleshoni. Chomwe ndikuiwala n'chiyani?

Wowotcherera wa ku Ndirande:
Mukuiwala hamala, amwene. Hamala, tochi, sikuludiraiva yaikulu ndi chisaka chogonera pansi. Batireyo ngakhale mutaisiya kunyumba palibe chomwe mwataya.

Bodi ya galimoto imeneyo ndi aluminiyamu, siichita dzimbiri lofiira lija munazolowera pa Probox. Ikhoza kukhala pamvula zaka zambirimbiri n'kumaonekabe ngati yangotsukidwa. Chitsulo chili pansi: chasisi, ndi bulkhead, chipupa chija cha pakati pa injini ndi anthu. Ziwiri zimenezo zikaola mwagula malata okha. Maginito aja mumayesera bodifila pa galimoto zina asakunamizeninso, pa iyi sagwira pa malata a aluminiyamuwo.

Madala a ku Zomba:
Mwana wanga, tatumizani chithunzi cha kumaso kwake ndi cha dashibodi.

Makaniko wa ku Limbe:
Ndi izo madala.

Madala a ku Zomba:
Imeneyo si ya m'ma 1960 ayi. Onani, chotchinga rediyeta n'cha pulasitiki, ndipo mawotchi ali kutsogolo kwa chiwongolero. Ya Series IIA inali ndi chotchinga cha waya wachitsulo, mawotchi ali pakati pa dashibodi. Iyi ndi Series III, zomwe anapanga kuyambira 1971 mpaka 1985. Sindikunena kuti anawo akunama, mwina anangomva choncho kwa malemu. Koma kasitomala wanu adziwe chomwe akugula, chifukwa mtengo sufanana, masipeya ena safanananso.

Zomwe wanena mnzanu wa ku Ndirande ndi zoona. Ine ndikalambira m'magalimoto amenewa, ndipo za ku Thyolo ndi Mulanje ndimazikayikira kuposa za kwina kulikonse. Kumeneko mvula ndi yambiri, dothi lofiira lija limalowa m'kati mwa chasisi n'kukhazikika, ndipo siliuma. Chasisi ya Land Rover ndi bokosi lotseka, ndiye imaola kuchokera m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ngati inkanyamula fetereza ku esiteti ndiye zafika poipa, chifukwa fetereza amadya chitsulo kuposa madzi.

Mukafika musayambe kucheza za injini. Gonani pansi. Yambirani kumbuyo, pa crossmember yomaliza, chitsulo chopingasa chija pomwe amamangirira ngolo, gogodani ndi hamala mukupita kutsogolo, osadumpha malo. Chitsulo chamoyo chimalira kuti ngwee, chakufa chimangoti phu, n'kumayoyoka zinyenyeswa. Kenaka ma outrigger, timikono tija totuluka m'mbali tonyamula bodi, makamaka ta pafupi ndi thanki ndi tomwe tanyamula bulkhead. Pomwe pamangiriridwa masipuling'i pagogodeni kawiri, chifukwa kulemera konse kwa galimoto kumathera pamenepo. Mukamaliza, nyanga ziwiri zakutsogolo zomwe zagwira bampala.

Mutengenso tepi. Yezani kuchokera pakati pa gudumu lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mbali zonse ziwiri. Dzina loti 109 ndi mainchesi amenewo, pafupifupi mamita 2.77. Mbali imodzi ikasiyana ndi inzake, mwina inagundidwapo kapena sipuling'i yasuntha.

Wamawaya wa ku Mzuzu:
Ine ndingopempha chimodzi achimwene: musalumikize batire musanaone mawaya. Galimoto yogona pansi pa mtengo ndi nyumba ya makoswe. Mawaya a kuseri kwa dashibodi akakhala odyedwa, mulumikiza batire utsi n'kutuluka, ndiye eni ake adzati mwawaotchera galimoto, mulipire.

Injini izungulitseni ndi dzanja kaye. Chotsani mapulagi, thirani kaoyilo pang'ono m'masilinda, dikirani, kenaka yesani ndi hendulo ngati ilipo, ili ndi polowera pa bampala. Ikazungulira mosagwira, chabwino. Petulo wa mu thanki asalowe mu kabuleta, amakhala atasanduka phula. Ndipo onani dipisitiki, oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi alowamo.

Wowotcherera wa ku Ndirande:
Injini isakudyereni tsiku. Ya malita 2.25 ija ndi injini yophweka, makaniko aliyense wodziwa ntchito amaimasula n'kuimanga. Ikakanika mumapeza ina. Bulkhead ndiye simungaipeze pamsika. Vundukulani mphasa za pomwe mumaponda mapazi mbali zonse, bayani ndi sikuludiraiva. Onani mizati yomwe yagwira mahinji a zitseko, kutsika mpaka pansi pomwe imamangidwa ku chasisi. Ndiyeno makona am'mwamba, pansi pa windisikirini pomwe pali timazenera tolowetsa mphepo. Poponda mapazi ndimadula n'kuikapo chitsulo china osavutika. Koma makona am'mwamba ndi mizati zikapita, ntchito yake ndi kuchotsa chiwongolero, mapedulo, mawaya, mapiko, zonse, kenaka kumanganso moti zitseko zidzatseke bwino. Kasitomala akamva mtengo wake amazimitsa foni.

Pansi pa zitseko muonenso. Khungu ndi aluminiyamu koma mafupa ake ndi chitsulo, ndipo pomwe ziwirizi zakhudzana pamatuluka ufa woyera, aluminiyamuyo n'kumabooka timabowo.

Mayi wa masipeya, Lilongwe:
Abambo inu mwathamangira zitsulo nonse, palibe wafunsa za mapepala. Mwamva kuti mwini wake anamwalira? Blue book ili m'dzina la ndani? Amene akugulitsayo ndi mwana yekhayo kapena alipo ena? Galimoto ya malemu ndi chuma cha masiye, sagulitsa munthu mmodzi chifukwa choti makiyi ali m'thumba mwake. Pafunika kalata yosonyeza amene anapatsidwa mphamvu yoyendetsa chumacho, apo ayi ku Road Traffic simukasintha umwini. Mudzaikonza mpaka kuwala, kenaka mlongo wake n'kutulukira kuti galimoto ya bambo athu ibwerere.

Nambala ya chasisi muifanizire malo atatu: pa blue book, pa kachitsulo kokhomedwa pa bulkhead m'kati, ndi yodindidwa pa chasisi penipeni, kutsogolo mbali ya kumanja pafupi ndi pomwe pagwira sipuling'i. Mutenge bulashi yawaya, imakhala itakwiririka ndi dothi ndi penti. Magalimoto amenewa anthu ankasinthanitsa ziwalo kwambiri, mupeza bodi ya ina, chasisi ya ina, mapepala a yachitatu.

Za masipeya musade nkhawa. Za mabuleki, magasiketi, masiilo, mabushi, zonse zikupangidwabe, timaitanitsa ku South Africa kapena ku UK. Ngakhale chasisi yatsopano yonyikidwa mu zinki amapanga ku UK, koma kuti ifike kuno, mtengo wonyamulira ndi msonkho mungagule galimoto ina yoyenda.

Makaniko wa ku Limbe:
Ndabwerako akuluakulu, ndangosamba kumene. Nazi zomwe ndapeza.

Kutsogolo ndi pakati chasisi ikulira bwino. Kumbuyo crossmember ndinaipeza yopakidwa penti wakuda watsopano, akununkhirabe. Mnyamata wogulitsayo anati anangofuna kuti izioneka bwino. Nditagogoda pakona ya kumanzere hamala inalowa, munatuluka dothi lofiira lodzaza manja awiri, lonyowa, chonsecho mvula inasiya kalekale. Ma outrigger awiri a kumanja aola, wa pa thanki ndinathyola chidutswa ndi zala. Poponda mapazi mbali ya pasenjala wina anakhomapo lata la denga ndi maliveti. Mizati ya zitseko ndi yolimba, makona am'mwamba ali ndi matuza pang'ono koma sikuludiraiva sinalowe. Tepi yafanana mbali zonse.

Injini inazungulira ndi hendulo nditathira oyilo. Mawaya a pa sitata anali bwino, ndiye ndinalumikiza sitata yokha kuti ndiyeze kompuleshoni. Masilinda atatu akufanana, koma la nambala 3 latsika ndithu. Kuseri kwa dashibodi makoswe anamangadi, munali zitsononkho za chimanga. Sindinailize.

Manambala onse atatu afanana. Blue book ili m'dzina la malemu. Ana alipo atatu, wina ali ku Mozambique ndipo sakudziwa kuti galimoto ikugulitsidwa. Kalata yomwe mwanena mayi palibe.

Madala a ku Zomba:
Silinda lotsikalo munathiramo oyilo n'kuyezanso?

Makaniko wa ku Limbe:
Eya madala, silinasinthe.

Madala a ku Zomba:
Ndiye si malingi a pisitoni, ndi vavu. Mwina yagwira chifukwa chogona nthawi yaitali, kapena inapsa. Ntchito ya hedi imeneyo, yaing'ono. Mukadzabwerera muone buloko m'mbali: ikakhala ndi nthiti zotumphuka ndi ya mabeyaling'i asanu yomwe inayamba cha m'ma 1980, ikakhala yosalala ndi yakale ya atatu. Zonse ndi zabwino, koma mudziwe poitanitsa zinthu.

Simunanene za mipira yonyezimira ija kuseri kwa magudumu akutsogolo. Ikachita zipsera za dzimbiri imadya siilo, oyilo amatha, zam'kati n'kuonongeka. Komanso kandodo ka mutu wachikasu ndi kofiira, munatiyesa? Kachikasu mukakadina kamalowetsa magudumu onse anayi, mukakokera kofiira kumbuyo kachikasuko kamayenera kudumphira m'mwamba kokha.

Makaniko wa ku Limbe:
Timipira tonse tiwiri tachita zipsera. Kachikasu kanalowa koma kakana kutuluka.

Wowotcherera wa ku Ndirande:
Kwa ine galimotoyo ndi yogulika, chifukwa bulkhead ili moyo ndipo chasisi sinapindike. Crossmember ndi ma outrigger ndi ntchito yomwe ndimaidziwa. Chondidetsa nkhawa ndi pomwe dzimbirilo lalekezera. Ngati lafika pogwira masipuling'i akumbuyo, sitikusinthanso crossmember yokha, tikudula gawo lonse lakumbuyo, ndipo bodi iyenera kutsika kaye. Zimenezo sindingaweruze pa chithunzi. Mudzandinyamule tikaone limodzi, ndidzatenga giraindala tichotse penti wakudayo ngati eni ake alola. Akakana, yankho mwalipeza.

Wamawaya wa ku Mzuzu:
Mawaya musawerengere zolumikizalumikiza, ndi kuchotsa onse n'kuyala atsopano. Ndi ochepa, mulibe kompyuta. Muike pa mtengo.

Mayi wa masipeya, Lilongwe:
Ndipo asatumize ngakhale ya chikole, achimwene. Ana atatuwo akhale pansi, apite kwa DC kapena kwa Administrator General akawalongosolere njira yopezera kalata, wa ku Mozambique avomereze molemba. Inu mupite ndi nambala ya galimoto ku Road Traffic mukafunse ngati ikupezeka mu kompyuta yawo ndi zomwe zifunike posintha dzina, poti yakhalitsa osalipira kalikonse. Ku polisi mudutsenso aione nambala ya chasisi.

Makaniko wa ku Limbe:
Ndamuimbira kasitomala. Poyamba anakwiya, akuti wina aitenga. Ndinamutumizira kavidiyo ka hamala ikulowa mu crossmember, ndipo mawu anatsika. Tagwirizana kuti ndalama sizichoka mpaka kalata ipezeke, ndipo mtengo tikambirananso titaona kumbuyo kuja penti atachoka. Mnyamata wa ku Thyolo wavomera giraindala, akuti alankhula ndi alongo ake mawa akaweruka ku tchalitchi. Amwene a ku Ndirande, Lachitatu muli ndi mpata? Mafuta ndi nsima ndi za kasitomala.

Wowotcherera wa ku Ndirande:
Lachitatu ndilipo. Kumeneko magetsi alipo kapena ndinyamule jenereta?

Makaniko wa ku Limbe:
Nyamulani jenereta. Ndi jeke wamkulu ngati muli naye, wanga akumira m'dothi.