Ndikufuna bulauni wofiirira, koma tsitsi langa lili ndi relaxer komanso dayi wakuda. Nambala iti ingagwire?

Membala wobisa dzina:
Moni nonse pa gulu lino. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za tsitsi. Ndatopa ndi tsitsi lakuda, ndikufuna la bulauni wofiirira, koma sindikufuna kugula dayi mwachimbulimbuli.

Tsitsi langa lili chonchi: theka la kunsonga ndi la relaxer, koma ndinasiya kuika, ndiye kumizu kwamera lachilengedwe, lopotana kwambiri, lija amati 4C. Imvi zayamba kutuluka kutsogolo ndi m'mbali mwa makutu, ndipo ndakhala ndikuzibisa ndi dayi wakuda wa m'kabokosi. Khungu langa ndi loderapo. Pa timabokosi ndikuona manambala monga 4.6, 5.3 ndi 6.4, zithunzi zake zonse zokongola. Kodi ndikapaka 6.4 lituluka ngati pa chithunzipo? Nanga imvi zibisika? Chonde musandinyoze, nkhaniyi yandisowetsa mtendere.

Wokonda Zofiira:
Asisi, copper amakhala bwino zedi pa khungu loderapo. Tengani 6.4 musaope, ine ndi amene ndimapaka.

Wogwira Tsitsi:
Achemwali, musagule kaye. Mwachita bwino kufotokoza zonse zimene tsitsi lanu ladutsamo, chifukwa yankho lagona pomwepo. Pamutu panu pali tsitsi la mitundu itatu: lomera kumene lomwe silinakhudzidwe ndi mankhwala, lakale lomwe lamwa relaxer ndi dayi wakuda, ndiye imvi. Lililonse lilandira dayi mwa njira yakeyake.

Za manambala: yoyamba imanena kuda kapena kuwala kwa mtunduwo, kuyambira 1 amene ndi wakuda bii mpaka 10 amene ndi blonde wowala kwambiri. Ya pambuyo pa kadontho imanena kumene mtunduwo wapendekera. Ku makampani ambiri .1 ndi wotuwa uja amati ash, .3 ndi wagolide, .4 ndi copper, .6 ndi wofiira. Ena monga Wella ali ndi kawerengedwe kawokawo, choncho muziwerenganso dzina la mtundu, osati nambala yokha.

Tsono vuto lanu ndi ili: dayi sachotsa dayi mnzake. Peroxide amene ali mu developer, mankhwala aja osakaniza ndi dayi musanapake, amawalitsa mtundu wobadwa nawo wa tsitsi, koma dayi wakuda amene analowa kale samusuntha. Nsalu yakuda, ngakhale muiviike kangati mu utoto wofiira, imatuluka yakudabe. Mukapaka 6.4 mutu wonse, sentimita imodzi kapena ziwiri za kumizu zifiira, ndipo zifulumira chifukwa cha kutentha kwa khungu la pamutu, pamene kwina konse kukhala kwakuda monga kunalili. Imvi nazo zituluka zowala kuposa tsitsi lina lonse. Ambiri amabwera kwa ife atabisa mutu mu mpango chifukwa cha zimenezi.

Wokonda Zofiira:
Koma kwa ine anagwira bwinobwino.

Wogwira Tsitsi:
Mwina inu munali musanapakepo wakuda. Ngakhale pa tsitsi lakuda losapakidwa kanthu, developer wa mphamvu ya 20 vol amene amapezeka m'timabokosi tambiri amakweza sitepe imodzi kapena ziwiri basi. Wa 30 vol amafika ziwiri kapena zitatu. Kuchoka pa 1 kapena 2 kukafika pa 6 ndi ulendo wautali, ndiye chifukwa chake chithunzi cha kutsogolo kwa kabokosi sichoti muzichikhulupirira. Yang'anani m'mbali kapena kuseri, pamene amaonetsa mmene litulukire malinga ndi mtundu umene mwayambira.

Membala wobisa dzina:
Zikomo kwambiri, ndamva. Nanga ndikayamba ndi bleach kuti wakudayo achoke?

Wogwira Tsitsi:
Pa tsitsi la relaxer ayi, ndikukuchondererani. Relaxer, kaya ndi wa sodium hydroxide kapena uja amalemba kuti no-lye, amawongola tsitsi pothyola zolimbitsa zake za mkati, ndipo sizibwereranso. Mukawonjezera bleach pamenepo, tsitsi limayamba kutanuka likanyowa, kenako kuduka. Pamene limakonda kudukira ndi pomwe lachilengedwe lakumana ndi la relaxer, ndipo inu malo amenewo muli nawo mutu wonse. Tengani tsitsi limodzi lonyowa la kunsonga, mulikoke pang'onopang'ono. Likatanuka osabwerera, kapena likaduka nthawi yomweyo, dziwani kuti silingapirire mankhwala ena amphamvu.

Pali mankhwala ena otchedwa colour remover amene amatulutsa dayi wopaka popanda bleach. Amathandiza ndithu, koma fungo lake ndi loipa, amaumitsa tsitsi, ndipo wakuda amene wapakidwa mobwerezabwereza satuluka yense tsiku limodzi. Chotsala chimakhala chofiirira mosalingana, chofunika kupakanso. Imeneyo ndi ntchito ya munthu wodziwa amene akuliona tsitsilo ndi maso, osati ya nokha pagalasi.

Mayi wa Anyamata:
Pepani ndilowererepo, nkhani ya mtundu ndaisiyira odziwa. Ine ndikufuna ndinene za khungu. Dayi wambiri wa permanent, makamaka wakuda ndi woderapo, amakhala ndi mankhwala otchedwa PPD, ndipo pali anthu amene thupi lawo limadana nawo. Mchemwali wanga anapaka madzulo, m'mawa anadzuka zikope zitatupa moti maso samatseguka, kuseri kwa makutu kuli matuza otuluka madzi. Anali atapakapo kambirimbiri m'mbuyomu popanda vuto. Chonde yesani kaye pang'ono kuseri kwa khutu kapena mkati mwa chigongono monga mwalembedwera pa pepala la m'kabokosi, mudikire maola 48. Pakayabwa, pakafiira kapena pakatupa, musapake. Ndipo ngati munthu wapaka nkuyamba kutupa nkhope kapena kubanika, athamangire kuchipatala, asadikire kuti kuche.

Tsitsi Lachilengedwe:
Bwanji osangopaka henna? Ndi masamba chabe, amafiiritsa bwino, ndipo imvi zimasanduka copper weniweni.

Mayi wa Anyamata:
Henna weniweni inde, koma chenjerani ndi uja amalemba kuti black henna. Henna payekha sadetsa tsitsi, amangofiiritsa. Wakudayo nthawi zambiri amakhala wothira PPD yemweyo.

Wogwira Tsitsi:
Zoona zimenezo. Ndiwonjezere kuti henna sawalitsa tsitsi, ndiye pa lakuda azingooneka mukaima padzuwa. Komanso akalowa ndi wovuta kwambiri kuchotsa, ndipo ena osakanizidwa ndi mchere wa zitsulo amayambana ndi peroxide. Ngati mukuganiza zodzapaka bulauni wa permanent mtsogolo, henna akutsekerani njira.

Wa Malukidwe:
Achemwali, musanaike mankhwala aliwonse, mwaonapo mtundu umenewu pafupi ndi nkhope yanu? Nkhani yoti khungu loderapo limayenera zakutizakuti ine sindiitsatira kwenikweni, poti anthu oderapo safanana. Ena khungu lawo limapendekera kofiira, ena kwachikasu. Lukitsani mesh ya mtundu umene mukuufunawo. Nambala 30 ndi bulauni wofiirira wowala, 33 ndi woderapo, 99J ndi uja wa vinyo, 27 ndi wowala wopita ku golide. Manambala a mesh ndi osiyana ndi a dayi, musawasokoneze. Mukadziyang'ane panja masana, osati pansi pa babu. Mukakhala nayo milungu ingapo mudziwa ngati mtunduwo mukuukondadi, uku tsitsi lanu likupuma ndi kukula.

Agogo a Imvi:
Mwana wanga, za imvi ndikuuzeni ine. Imvi ndi zouma mutu, sizilandira dayi msanga, ndipo mulibe mtundu uliwonse mkati mwake. Mukazipaka wofiira yekha zimawala mopitirira. Amene amandipaka ine amasakaniza wofiirayo ndi wa natural, uja wa .0 kapena N, wa nambala yoyamba yofanana, ndipo amayambira pa imvi pomwepo kuti mankhwala akhalitsepo. Dziwaninso kuti wofiira amasuluka msanga kuposa mitundu ina, ndiye muzitsuka ndi madzi osatentha.

Membala wobisa dzina:
Mwanditsegula maso nonsenu. Ndiye a Wogwira Tsitsi, mukanakhala inu mukanatani?

Wogwira Tsitsi:
Ndikanasiya wakuda lero lomwe. Pa imvi ndi pa lomera kumene ndikanayamba kupaka dayi wa demi-permanent, uja wosuluka pang'onopang'ono, wa nambala 3 kapena 4 wopendekera kofiira, monga mahogany, chifukwa nthawi zambiri alibe ammonia, developer wake ndi wofooka, ndipo sasiyana kwambiri ndi wakuda wa kunsonga. Imvi sazibisa kotheratu, koma zimaoneka ngati timizere tofiirira tochita kufuna. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndiye muzidula nsonga za relaxer pang'onopang'ono. Zikatha, bulauni wowala uja adzatheka pa tsitsi lamphamvu.

Musanapake mutu wonse, sonkhanitsani tsitsi lotsalira m'chipeso, lokhala ndi mbali zonse ziwiri, ya kumizu ndi ya kunsonga, mulimange ndi ulusi. Lipakeni, mudikire mphindi zimene zalembedwa, mulitsuke, liume, mukalione panja. Chimene muone pamenepo ndi chimene chidzakhale pamutu panu.

Membala wobisa dzina:
Ndayamba kale kusunga la m'chipeso, ndipo ndilukitsa 33 ndione. Funso lomaliza: dayi amene ndikagule ndi wa kampani yomweyo ndakhala ndikugwiritsa ntchito. Kuyesa kuseri kwa khutu nkofunikabe?

Mayi wa Anyamata:
Nkofunika, nthawi iliyonse. Thupi limatha kuyamba kudana ndi PPD patapita zaka mukupaka, ndipo mtundu wina wa kampani yomweyo ukhoza kukhala ndi zosakaniza zina. Komanso mukamasula mesh musapake tsiku lomwelo, dikirani khungu la pamutu lipole kaye ngati pali pokandika kapena powawa.