Nyumba yakale ku Islington: chumuni chalendewera, kasitomala akufuna kusaina

Womanga:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kasitomala akufuna kugula nyumba ya mdadada ku Barnsbury, ku Islington mumzinda wa London, yomangidwa cha m'ma 1830, nsanjika zinayi kuwerengera ya pansi pa nthaka. Ndi yotetezedwa ndi lamulo ngati nyumba yakale yofunika kusungidwa, m'gulu la Grade II. Akufuna mtengo wokonzera asanasinthane makontrakiti. Khoma la chumuni analigumula pabalaza, koma m'zipinda zam'mwamba mpaka padenga likadalipo. Mawindo akumbuyo ndi apulasitiki a uPVC, kutsogolo anamata simenti m'mizere ya njerwa, ndipo pansi pali chinyezi. Ndiyambire pati?

Saveya:
Achimwene, za mtengo dikirani kaye, yambani ndi mapepala. Loya wa kasitomala aitanitse kwa wogulitsa listed building consent (chilolezo cha khonsolo chosinthira nyumba yotetezedwa) ya chumunicho ndi mawindowo, komanso satifiketi ya Building Control (oyendera kamangidwe ka nyumba). Ambiri amayesa Grade II imateteza kutsogolo kokha, pomwe lamulo la 1990 loteteza nyumba zoterezi limagwira nyumba yonse, masitepe, zitseko ndi malo osonkhapo moto omwe. Kugumula popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo khonsolo ikhoza kulamula kuti zibwezeretsedwe ngakhale patapita zaka zambirimbiri. Wozengedwa mlandu ndi amene anagumula, koma wolamulidwa kukonza ndi mwini nyumba wa tsikulo. Akagula, wagula ndi vutolo.

Musathamangire kuimbira khonsolo loya asanayankhe. Ngati loyayo akuganiza za inshuwalansi ya indemnity, yoteteza wogula khonsolo ikadzalamula kukonza, kungofunsa kukhonsolo kumaithetsa mphamvu. Komabe pa nyumba iyi sindikuiona phindu, chifukwa mukadzapempha chilolezo cha ntchito zinazo, ofisala wa khonsolo woona za nyumba zotetezedwa akadzalowa adzaziona yekha.

Injiniya:
Anena zoona a saveya, koma chondidetsa nkhawa ine ndi chimene chanyamula njerwa zotsalazo. Pemphani chilolezo kwa wogulitsa muzule matabwa awiri kapena atatu pansi pa chipinda cha pamwamba pa balaza, pafupi ndi malo amoto, muunike ndi tochi. Kawirikawiri mupeza khomalo langokhala pa mitanda yamatabwa, kapena pa zitsulo zochirikiza zotchedwa gallows brackets zomangidwa kukhoma logawana ndi aneba. Mitanda ija sinapangidwire katundu wotere, imaweramira pang'onopang'ono, ndipo chizindikiro chake ndi mng'alu pa siling'i ya pabalaza ndi chitseko cham'mwamba chokana kutsekeka. Ma brackets nawo amafuna khoma lolimba losachepera 225mm, ndi kuti aneba asakhale atagumulanso mbali yawo. M'matope a laimu akale mabawuti sagwira bwino, ndipo pano pali nsanjika ziwiri pamwamba kuphatikizapo mutu wa chumuni. Sangakwanitse.

Njira zilipo ziwiri: mtanda wachitsulo wokhala pa ma padstone (zidutswa zolimba za konkire kapena mwala zoikidwa m'khoma), kapena kumanganso khomalo. Ngati la m'chipinda cha pansi pa nthaka likadalipo, mangani pamenepo. Katundu abwerera m'njira yake yakale, ndipo ndi zomwe khonsolo ingakonde kuona. Njira iliyonse imakhudza khoma logawana, choncho aneba apatsidwe notisi ya Party Wall Act ya 1996, lamulo la makoma ogawana, miyezi iwiri ntchito isanayambe.

Mmisiri wa njerwa:
Pa simentiyo, bwana: njerwa zachikasu za London stock ndi zofewa. Simenti imatseka mizere, madzi n'kumatulukira pankhope ya njerwa, chisanu chikabwera nkhopeyo imasendeka. Gobani ndi manja, grinder ayi, imakulitsa mizere. Kuya kwake kukhale kawiri kukula kwa mzere, cha m'ma 20mm. Matope: muyeso umodzi wa laimu, itatu ya mchenga wokhakhala. Musamate kukazizira kutsika pa 5°C, ndipo phimbani ndi chiguduli chonyowa masiku angapo. Yesani kaye pa sikweya mita imodzi. Ngati simenti ikuchoka ndi m'mbali mwa njerwa, yogwira bwinoyo isiyeni.

Chinyezicho musachibaye mankhwala musanakwere padenga. Nyumba zimenezi zambiri zili ndi denga lotsetserekera pakati, gata yamtovu n'kubisala kuseri kwa kampanda ka kutsogolo. Masamba akatseka potulukira, kapena mtovu ukang'aluka poti anauyala wautali kwambiri, madzi amatsika m'kati mwa khoma lakumbuyo mpaka pansi, n'kuoletsa matabwa amene amisiri akale ankakwirira m'makoma. Mtovu wa Code 5 (nambalayo imasonyeza kukhuthala kwake) usapitirire mamita awiri popanda sitepe yolumikizira m'gatamo. Mulowetsenso kamera m'mapaipi a zonyansa.

Saveya:
Achimwene, mtengo muulembe magawo osiyana: chumuni, mawindo amatabwa a sash (otsegula mokankhira m'mwamba ndi pansi) olowa m'malo mwa uPVC, denga, njerwa. Awiri oyambawo ndi zolakwa za wogulitsa, loya awagwiritse ntchito potsitsa mtengo wa nyumba. Fomu ya listed building consent salipiritsa, koma yankho muwerengere masabata asanu ndi atatu kapena kupitirira, ndiye musamulonjeze kasitomala tsiku loyamba ntchito. Ndipo asasaine popanda lipoti latsatanetsatane la saveya, la RICS Level 3, ndi kalata ya injiniya yonena chimene mwapeza pansi pa matabwa aja.