Wokwata kwa mphenzi saopa kung'anima: mwambiwu ndi wotonthoza kapena wodzudzula?

Nasibeko
Abale, ndithandizeni. Lamulungu mlaliki wathu amaphunzitsa za mantha, atawerenga Yesaya 41:10 paja Mulungu akuuza Israele kuti asaope poti ali naye pamodzi. Pomanga ulaliki anati "wokwata kwa mphenzi saopa kung'anima," kutanthauza kuti ife amene tinadzipereka kwa Mulungu wamphamvu tisamanjenjemere ndi matenda, ngongole kapena maloto oipa. Ine mtima unakhala m'malo ndithu, chifukwa masiku ano tulo tandithawa ndi nkhawa. Koma nditawafotokozera azakhali anga anangoseka, akuti mlalikiyo wauzondotsa mwambi. Akuti mwambiwu umanenedwa kwa munthu amene zinthu anaziputa yekha, kuti asalire. Akulondola ndani?

Mayi a Tadala
Azakhali anuwo akunena zoona. Malume anga anaumirira kukwatira kubanja lina lotchuka ndi ndewu, abale kuwaletsa iwo osamva. Pasanathe chaka anatulukira usiku malaya ali ong'ambika, kudzadandaula za alamu awo. Agogo sanadzuke n'komwe pamphasa. Anangoti, "Wokwata kwa mphenzi saopa kung'anima, bwerera." Munalibe chitonthozo m'mawu amenewo ayi. Mpaka lero ndikaumva mwambiwu ndimaona nkhope ya malume.

Bambo Chisale
Mayi a Tadala, agogo anuwo anangogwira mbali imodzi. Tiyeni tifunse kaye: mwini mphenzi ndani? Makolo athu Mulungu ankamutcha Chauta, Namalenga, komanso Mphambe, ndipo dzina la Mphambeli limayendera limodzi ndi mabingu ndi ziphaliwali. Ndiye kukwata kwa mphenzi n'kulowa m'banja la Mphambe mwini wake. Chivumbulutso 19:7 chikunena za ukwati wa Mwanawankhosa, ndipo pa Aefeso 5 Paulo akufanizira Khristu ndi mpingo ndi mwamuna ndi mkazi wake. Akuluakulu akale anaona choonadi chimenechi uthenga usanafike. Mlaliki uja sanalakwe mpang'ono pomwe.

Kamwendo
Akulu, ndi ulemu wonse, mwambi ukuti wokwata, sukuti wokwatiwa. Ameneyo ndi mwamuna amene wanyamuka ndi miyendo yake kukakhala mkamwini kwa eni. Pa Aefeso 5 mpingo ndiwo mkwatibwi. Tsono inu mwatisandutsa ife akamwini, Mulungu n'kukhala apongozi athu? Komanso pa Luka 10:18 Yesu anati anaona Satana akugwa kuchokera kumwamba ngati mphenzi. Mukati mphenzi ndi Mulungu basi, vesi limenelo mulisiya pati?

Bambo Chisale
Achimwene, werengani Mateyu 28. Mngelo amene anagubuduza mwala kumanda maonekedwe ake anali ngati mphenzi. Alonda ananjenjemera mpaka kukhala ngati akufa. Koma kwa Mariya wa Magadala ndi Mariya winayo mngelo anati asaope. Kung'anima kunali kumodzi komweko, ena anakomoka, ena analandira uthenga. Kusiyana kwake n'chiyani? Amayiwo anali a m'banjamo. Mwambi uja ndi umenewu, palibenso china.

Naphiri
Bambo Chisale, tsikani pang'ono mpaka vesi 8. Amayi omwewo anachoka kumandako ali ndi mantha komanso chimwemwe chachikulu. Mantha sanathe.

Izi zandikumbutsa agogo anga. Anali munthu wopemphera kwambiri, koma bingu ankaliopa zosachita kufunsa. Mvula yamkuntho ikayamba ankatiitana tonse, kutikhazika pafupi nawo, n'kuyambitsa nyimbo yakutchalitchi mawu akunjenjemera. Kukang'anima ankadzidzimuka, nyimbo n'kuduka, kenaka n'kuyambiranso pomwe anasiyira. Tsiku lina mlongo wanga anawafunsa kuti agogo, mumapemphera koma mukuopabe bwanji? Anati akanakhala kuti sakuopa akanagona, osavutika n'kuimba. Ine chikhulupiriro ndinachiphunzira pamenepo. N'chifukwa chake ndikamva mlaliki akuti mkhristu weniweni saopa, ndimamvera chisoni anthu amene akutuluka m'tchalitchi atasenza akatundu awiri, mantha awo aja ndiponso manyazi akuti mwina chikhulupiriro chawo n'chochepa. Davide pa Salimo 56:3 akuvomera kuti tsiku la mantha limamufikira, ndipo akuti pa tsiku lomwelo adzakhulupirira Mulungu. Yesu mwini ku Getsemane anapemphera movutika mtima mpaka thukuta lake kukhala ngati madontho a magazi, ndi Luka 22:44 ameneyo.

Yamie
Pepani akuluakulu, koma ife mlaliki akanena mwambi umenewu kutchalitchi kwathu achinyamata tonse tingaweramitse mitu kubisa kuseka. Liwu loyambalo masiku ano silinenedwa pagulu 😂

Mayi a Tadala
Mwaonatu. Ana a masiku ano liwu lililonse amalipezera zolaula. Agogo ankalinena pamaso pa aliyense popanda wotsokomola.

Gondwe
Vuto ndi lakuti sadziwanso mawu. Mdzukulu wanga ndinamufunsa kuti chiphaliwali n'chiyani, anandiyankha kuti kaya ndi mtundu wa mbalame. Akamaopa sanena kuti ndili ndi nthumanzi kapena mtima uli phaphapha, amati ndili ndi stress. Popemphera ndiye musanene, mawu atatu Chichewa, anayi Chingerezi, ngati Mulungu chathuchi samva.

Yamie
Agogo a Gondwe, nanga anatiphunzitsa ndani? Inu nomwe munkatikalipira tikalakwitsa Chingerezi, Chichewa tikalakwitsa munkangoti zilibe kanthu. Ine nthumanzi ndaimva lero.

Bambo Chisale
Tisasochere. Nkhani ndi Mphambe. Ndipo 1 Yohane 4:18 akunena poyera kuti chikondi changwiro chimataya kunja mantha. Wolowa m'banja la mwini mphenzi saopa. Mayi Naphiri, agogo anuwo akanadziwa tanthauzo lenileni la mwambiwu bwenzi akuimba osanjenjemera.

Naphiri
Agogo anga asiyeni agone, bambo. Inu bingu likawomba pafupi simudzidzimuka?

Mphunzitsi wopuma
Ine ndili kumbali ya azakhali a Nasibeko pa tanthauzo, koma sindikuona kuti tanthauzo lawolo likuchotsa mwambiwu m'tchalitchi. Mwambi ukuti unadziwa kumene ukupita, ndiye zikayamba usathawe. Yesu ananenanso zofanana pa Luka 14:28, kuti wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Pa Yohane 16:33 anawauziratu ophunzira kuti m'dziko adzakhala ndi masautso, kenaka n'kuwauza kuti alimbe mtima poti Iye waligonjetsa dziko. Sanalonjeze kuti kung'anima kudzasiya.

Onaninso Eksodo 20. Aisraele ataona mabingu ndi mphenzi paphiri la Sinai anaima patali n'kupempha Mose kuti azilankhula nawo ndiye, Mulungu asalankhule nawo angafe. Pa vesi 20 Mose akuwauza kuti asaope, ndipo mu mpweya womwewo akuti Mulungu wabwera kuti azimuopa, asachimwe. Pali mantha othawitsa munthu, palinso kuopa kokhazika munthu pamalo pake. Mose anayandikira mdima umene unali paphiripo anzake ataima patali, komabe Ahebri 12:21 akutiuza kuti nayenso ananjenjemera. Ngati pali mkamwini wa kwa mphenzi m'Baibulo, ine ndingaloze Mose.

Bambo Chisale
Zikomo aphunzitsi, mwanena zomwe ndakhala ndikunena. Mphenzi ya pa Sinai inali ya ndani? Ya Mphambe.

Mphunzitsi wopuma
Sindinanene zimenezo, akulu.

Gondwe
Komanso agogo anga ankati mphezi, osati mphenzi. N imeneyi mwaitenga kuti? Ndikukayika ngati si ana omwewa.

Yamie
Zimenezonso ndi ife?? 😭

Kamwendo
Onse awiri amamveka, a Gondwe. Koma Bambo Chisale, funso langa lija mwalilumpha kawiri tsopano. Wokwata ndi mwamuna. Mpingo ndi mkwatibwi. Apongozi ndani pamenepa?